Magazi a NyaGondwe

Ntchito ya ku labotale ndinaipeza chifukwa amalume anali mkulu wa mpingo. Ndinali nditangosiyana ndi koleji, mwamtendere, popanda mbali iliyonse kulira. Potuluka m'tchalitchi amalume anagwira dzanja a Msiska, mkulu wa labotale pa chipatala china kuno ku Rumphi, n'kuwauza kuti mutu ndili nawo, chimene chimandivuta n'kukhala pansi. A Msiska anati ku labotale kwawo anthu amagwira ntchito choimirira.

Ndinkalemba mayina pa timachubu, kupukusa magazi mu sentirifuji mpaka madzi achikasu ayandame pamwamba, n'kutunga madziwo ndi pipeti. Kenako kunabwera makina oyeza mahomoni, kuphatikizapo esitiradiyolo, imene imathandiza dokotala kudziwa ngati mazira a mayi akugwirabe ntchito. A Msiska anakana kuwakhulupirira asanawayese. Ankathiramo madzi a kontirolo, omwe nambala yake imadziwika kale, ndipo magazi amodzi ankawabwereza kangapo kuti aone ngati yankho libwera lomwelo.

Pa manambala okwera makinawo ankalongosoka. Poyesa otsika panafunika magazi a homoni yochepa, ndiye kuti a mwamuna, ndipo mwamuna wopezekeratu ndinali ine. Ndinapereka mkono ku sayansi, yomwe ija inandikana m'kalasi. Magazi anga omwewo, ulendo wina makina ankati ndine agogo, ulendo wina ankati ndingathe kuima mwezi womwewo. Tinaseka. A Msiska analamula kuti nambala yotsika isatuluke pakhomo.

Tili pakati pa zimenezi kunabwera NyaGondwe, mayi wogulitsa usipa ku Chitimba, ali ndi apongozi ake. NyaGondweyo anakhala m'banja zaka zambiri wopanda mwana, ndipo msambo unayamba kudumphadumpha akadali wamng'ono. Ndikumumanga lamba pamkono anandiuza motsitsa mawu kuti akuluakulu a mbali zonse agwirizana: chipatala chikati iye sangabereke, mng'ono wake alowa m'nyumba mwake ngati mkazi wachiwiri.

Magazi ake anagwera pa manambala otsika paja, pomwe panagwera anga. Tinabwereza, nambala inasintha. Tinabwerezanso, inasinthanso. Tsiku limenelo palibe anaseka.

A Msiska anawaitanira mkati onse awiri. "Amama, pansi apa makina athu sakuona bwino," anatero. "Sindingakupatseni nambala imene ine mwini sindikuikhulupirira." Anawonjeza kuti magaziwo awatumiza ku Mzuzu, ndipo kuti mwamuna nayenso abwere adzayezedwe.

Apongozi aja anamvetsera bwinobwino, manja ali pamiyendo. "Yewo chomene, adokotala. Tamva."

Ndikukataya zinyalala ndinawapeza apongoziwo pakhonde akuuza mayi wina kuti anthu a chipatala ndi aulemu, nkhani ikakhala yoipa sanena, amangoti makina. NyaGondwe anaima chapatali. Ndikudutsa pafupi naye anandikoka malaya.

"Achimwene, inu mwaiona nambalayo. Ndi yoipa?"

Ine amene sindisowa choyankha ndinangoti sitikudziwa. Zinali zoona. Anagwedeza mutu ngati ndamuuza zina, n'kumanga chitenje, n'kutsatira apongozi ake kokwerera minibasi.

Yankho la ku Mzuzu linachedwa, koma linabwera. Silinali loipa kwenikweni. Dokotala anati mayiyo ayezedwenso pa tsiku loyenera la mwezi wake, thandizo lingapezeke. Tinatumiza uthenga ku Chitimba. Sanabwere. Patapita nthawi mnzake wa usipa anandiuza pamsika kuti mng'ono wake uja analowa kale, NyaGondwe ndiye anasesa chipindacho.

A Msiska sanalakwe, ndipo lero nambala yotere inenso sindingaitulutse. Koma ndinaphunzira kuti "sitikudziwa" nalonso ndi yankho, munthu amalitenga kupita nalo kwawo, ndipo kumeneko amaliwerenga ndi ena. Masiku ano mayi akabwera ndi womuperekeza, ndimayamba ndakhazika pansi woperekezayo. Ndimamufotokozera, kenako ndimamupempha andibwerezere zimene akanene kunyumba. Ena amakwiya, amati ndikuwayesa ana. Ndimapepesa, n'kuwapempha abwerezebe.