Mchere Umene Ndinakana

Dzulo kuchipatala, ndikudikira pamzere, ndinaona nsomba m'bokosi lagalasi ili ndi timadontho toyera ngati yawazidwa ufa. Mtima unandibwezera ku Nchalo.

Madzi osefukira atatigwetsera nyumba ku Chiromo, amayi ananditumiza ku Nchaloko kwa azakhali, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina. Ana akumeneko ankaseka Chisena changa, choncho mnzanga anali kansomba kamene ndinakagwira m'ngalande ya m'munda wa nzimbe n'kukaika m'botolo lalikulu. Ndinkakauza zonse, ngakhale za amayi.

Tsiku lina kanatuluka timadontho toyera n'kumadzikhula pagalasi.

"Thiramo mchere pang'ono, mwanawe, uzisinthanso madziwo," anatero azakhali. "Abwana amachiza nsomba zawo choncho."

Kwathu nsomba inkaona mchere ikang'ambidwa, poti iyanikidwe padzuwa.

"Ayi, azakhali, mukufuna kasanduke ndiwo!"

Ndinabisa botolo lija kunsi kwa bedi, kofunda, konunkha fumbi ndi palafini. Patatha masiku atatu ndinakapeza katayandama chagada. Ndinakakwirira ndekha patsinde pa mtengo wa masau, osauza munthu.

Azakhali anamwalira ndisanawapepese. M'nyumba yonse ija, ndi iwo okha amene anawerama kuti aone kanthu kamene kankadwala mwakachetechete.