Mmene Kuponi Inawadutsira a Simeon

Alamu anga a Simeon a ku Lukwa ndi munthu wosadziwa kukana. Ngakhale mbuzi itawapempha chipewa, akhoza kuvula. Ndiye tsiku limene anyamata a bungwe lina lakunja anafika pa galimoto yoyera kudzafuna mlimi wachitsanzo, akanakweza dzanja ndani wina?

Ulimi wake unali wa mtayakhasu: osaunga mizere, kungophimbira nthaka ndi mapesi. Koma kuno mapesi ali ndi ntchito yake, timawotchera pa nazale ya fodya kuti mbande zisadwale. A Simeon anatutira mapesi onse ku kamunda ka m'mphepete mwa msewu, nazale n'kufesa yosawotcha. Mbande zinafota, fodya chaka chimenecho anangomuonera kwa anzawo.

Feteleza amene bungwe linawapatsa anali wa kamunda kamumsewuko basi, poti ndi komwe alendo amaona. Chimanga chinabiriwira, eee! Azungu ankatsika, kujambula, alamu anga mano onse pamtunda atavala malaya a bungwe. Za munda waukulu wa kuseri kwa dambo, umene umadyetsa banja, palibe anafunsako.

Itakwana nthawi ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, komiti ya m'mudzi inawadumpha, ati wothandizidwa kale asadye pawiri. Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Alamu, kabwezeni malayawo dzina lanu libwerere." Iwo anangoti, "Anthu andikhulupirira, ndiwachititse manyazi?"

Kenaka pulojekiti inatha. Kutsanzikana kwake kunali zakumwa ndi mabanzi ku boma, basi. Foni ya mlangizi wawo sigwiranso. Zimandiwawa ine, chifukwa tikumva kuti anyamata aja ali ku boma lina, akuphunzitsa anthu kuumba mbaula.

Mvula ili pafupi, a Simeon anapita ku msonkhano wa makuponi atavala jekete la kutchalitchi, nakhala kutsogolo. Mayina anaitanidwa mpaka kutha. Atakweza dzanja, wapampando a Grey sanadzutse n'komwe mutu.

"Inu a Simeon, si muli ndi azungu anu?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Dzana anabwera kudzandisungitsa nyumba. Akupita ndi banja lonse ku esiteti ya fodya ya cha ku Mtunthama kukakhala tenanti, munthu woti ali ndi minda yakeyake. Ndinafunsa za Elube, mwana wawo wachisamba amene amayenera kulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Anayang'ana pansi.

"Mwini esiteti sanalembe ine ndekha, mlamu. Anaona manja a anawa."