Amene Anazimitsa Magazi a Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi anabadwa wonenepa, masaya ngati mabanzi. Atangoyamba kudya phala, manja ndi mapazi zinatupa, kulira kwake kosatonthozeka. Apongozi anga aakazi ananyamuka ku Matero kubwera kwathu ku Kanyama, madzi amvula akulekeza m'mawondo, osati kudzaona mdzukulu koma kudzandizenga mlandu. Kwa iwo, khanda likatupa chotero ndiye kuti mayi walisempha, wayenda ndi mwamuna wina.

"Kamba chabe, ni ndani?" anatero.

Mwamuna wanga maso anali pa foni. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sikoselo, matenda amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri, koma apongozi anali ndi funso lawo: ngati anabadwa nawo, bwanji miyezi yoyamba anali bwinobwino? Banja linathera pomwepo, ndipo pampopi azimayi ankasiya nkhani ndikamafika.

Yankho la funso lawolo ndinalipeza mwana atayamba kale sukulu, atagonekedwanso chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa. Dokotala wina wamkazi anandifotokozera kuti khanda limabadwa ndi magazi amtundu wina, amene matendawa sawagwira. Likamakula, malangizo achibadwa a m'maselo amazimitsa okha magazi aukhanda aja, ndiye matenda amaonekera. Kumayiko akunja, akatswiri aphunzira kutenga maselo a m'mafupa a wodwala, kudula malo olamula kuzimitsako, n'kubwezera maselowo m'thupi kuti magazi aja ayambirenso. Ndinafunsa kuti mzere wake uli kuti. Anapukusa mutu: kuno sizinafike.

Mtima unandiwawa kawiri. Anthu atulukira njira yoyatsira magazi mkati mwa fupa, pamene mwana wanga akuluma pilo! Ndipo zaka zonsezi ndasenza dzina la hule chifukwa cha chinthu chimene chimachitika m'thupi la khanda lililonse.

Ndinakwera minibasi ya ku Matero, mawu ndikuwabwereza njira yonse kuti ndisaphonye. Sindinkafuna banja, ndinkafuna dzina langa. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto akusadzula chibwabwa, masamba a maungu, kenaka anakutumula chitenje.

"Namvela, vinazima," anatero. "Manje wamene anazimya ni ndani?"

Za mdzukulu wawo, amene ndinamusiya pa dilipi, sanafunse.