Anasankha Maphunziro ndi Miyendo ya Anzake

Chitseko cha labu chinali chotseka, ndipo Liwiro anaima panja atatsamira ndodo yake, thukuta lili kamukamu.

Pagalasi la chitsekocho ankaona anzake atavala makhoti oyera, akuthira timadzi tamitundumitundu m'timabotolo. Bambo woyang'anira labu anamuona, anapukusa mutu momumvera chisoni, koma sanatsegule. Lamulo linali lodziwika kwa aliyense: akangomaliza kufotokoza za chitetezo, wochedwa salowanso, chifukwa m'chipindamo mumakhala mankhwala owotcha.

Sikanali koyamba kuti achedwe. Sabata yomweyo anali atachenjezedwa kuti wophonya labu mobwerezabwereza saloledwa kulemba mayeso a Kemisitiri, ndipo wolephera Kemisitiri sapita chaka chachiwiri. Liwiro anakhala pansi pakhonde, n'kumasula malamba a mwendo wake wochita kupanga. Chitsa cha mwendo chinali chitatupa. Mumtima anati sukulu yatha basi.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munafikapo poti mwayesetsa ndi mphamvu zonse koma zinthu zikukanabe. Tamvani za munthu ameneyu.

Dzina loti Liwiro anamupatsa ndi anzake a kabaza, nthawi imene ankanyamula anthu panjinga yamoto. Panalibe womuposa kudziwa njira zachidule. Tsiku lina lole inamugunda pamphambano, ndipo madokotala anamudula mwendo wakumanzere mmunsi mwa bondo. Mwendo unapita, dzina linatsala. Iye mwini ankaseka nazo, amvekere mayina ena ndi ouma mutu ngati nkhupakupa.

Ali chigonere kunyumba anayamba kuwerenga mabuku a mlamu wake pofuna kungotayitsa nthawi. Mapeto ake analembanso mayeso a kusekondale amene anawalephera kale, n'kukhoza bwino. Anamutenga ku yunivesite kukachita sayansi ali bambo wapabanja, wa mwana mmodzi wakhanda, pakati pa achinyamata amene ankamutchula kuti achimwene.

Vuto linayamba tsiku losankha maphunziro. Wophunzira sayansi wa chaka choyamba aliyense ankayenera kutenga Masamu, Fizikisi, Kemisitiri ndi Bayoloje. Popeza ophunzira anali ambiri, phunziro lililonse linali ndi magulu angapo okumana nthawi zosiyana, ndipo munthu ankasankha yekha gulu lake. Panalinso maphunziro ena ongowonjezera kwa wofuna.

Liwiro anali ndi njala ya sukulu, ndipo anasankha ngati munthu wanjala. Anawonjezera phunziro la makompyuta, n'kuwonjezeranso la miyala ndi nthaka, poti ankafuna kubweza zaka zimene zinamutayikira. Magulu onse anasankha a mmawa, motsatizana, monga anachitira anyamata amene anaima nawo pamzere. Anawerengera kuti masana azikakonza njinga zamoto pagalaja ya mnzake kuti pakhomo pasagone njala.

Papepala ndandandayo inali yokongola. Fizikisi ikatha, labu ya Kemisitiri inkayamba. Koma pepala silinena kuti Fizikisi imaphunziridwa kumunsi, pafupi ndi geti, pomwe labu ili pamwamba pa chitunda, kuseri kwa laibulale. Silinenanso kuti kalasi ya Masamu ili m'chipinda chapamwamba, kofika pokwera masitepe opanda pogwira. Anzake ankathamanga n'kufika akuseka. Iye ankafika atayamba kale.

Tsiku limene anamutsekera chitseko lija anabwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Anapeza mkazi wake ali pamakina, akusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Anamuuza kuti sukulu ija si ya anthu ngati iye, ndipo kuyambira mawa azikakhala kugalaja tsiku lonse.

Mkaziyo anamaliza mzere umene ankasoka, anadula ulusi ndi mano, kenako anapempha kuti aione ndandandayo. Anafunsa kuti apa ndi pati, nanga apa ndi pati, kuchoka apa kufika apo pali mtunda wotani. Atamva zonse anamuyang'ana mwamuna wake.

“Bambo a mwana, mutu wanu sunalephere. Koma maphunzirowa mwasankha ndi miyendo ya anzanu. Ineyo sindingasoke diresi yanga ndi muyeso wa munthu wina.”

Mawuwo anamubaya Liwiro. Kenako anaseka, chifukwa zinali zoona. Munthu amene kale ankadziwa kuti kasitomala wakumsika umamuphatikiza ndi wakuchipatala poti njira ndi imodzi, anali atalephera kukonza ulendo wake womwe.

Loweruka lotsatira anapita onse awiri kusukuluko, mwana ali kumbuyo. Kunali zii. Anayenda kuchoka kalasi ina kupita ina pa mayendedwe a Liwiro, osafulumira, akupuma pamene mwendo wafuna kupuma. Mkaziyo ankasuzumira m'mawindo, n'kumadabwa kuti anthu akuluakulu amakhala patimipando tating'ono choncho. Anatulukira kanjira kodutsa kuseri kwa khitchini komwe kanalibe masitepe. Anaonanso kuti kalasi ya Bayoloje ndi labu ya Kemisitiri zinali moyandikana, moti wokhala ndi maphunziro awiriwa motsatizana sakanavutika n'komwe.

Pobwerera Liwiro anali akudziwa chimene akufuna. Chotsala chinali chimene ankachiopa kwambiri, kukapempha. Chichitikireni ngozi ija ankadana ndi kumveredwa chisoni, ndipo n'chifukwa chake sanauzepo mphunzitsi aliyense za vuto lake.

Lolemba anagogoda pa ofesi ya mayi amene ankalangiza ophunzira a chaka choyamba. Anali mayi wachikulire, wolankhula mosapsatira. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanamumvere chisoni chimene ankachiopa chija. Anangomukalipira pang'ono kuti wachedweranji kubwera, poti mutu umodzi susenza denga.

Liwiro anati akufuna kusiya Masamu chaka chimenecho, chifukwa masitepe ake ankamupweteka kwambiri. Mayiyo anakana. Anamufotokozera kuti maphunziro a sayansi ali ngati njerwa, ina imakhala pamwamba pa inzake. Wosiya Masamu chaka choyamba amapeza maphunziro ambiri a chaka chachiwiri atamutsekera. Oyenera kudikira anali owonjezera aja, makamaka la miyala ndi nthaka, lomwe linkafuna kuyenda m'mapiri.

“Siyani chimene chingadikire, achimwene, musasiye chimene chikukuvutani. Masamu akhale, koma tisiye mpata patsogolo pake kuti muzikwera masitepewo mwaufulu.”

Zinamuwawa kusiya phunziro la miyala, poti ankalikonda. Anavomera. La makompyuta analisunga chifukwa kalasi yake inali pansi, pafupi ndi laibulale.

Nkhani ya labu ndiyo inali yovuta. Gulu la masana, lomwe linkalowa likangochoka ku Bayoloje, linali lodzaza, ndipo mipando ya mu labu ndi yowerengeka. Mayiyo anati sangatulutse mwana wa eni, koma ngati Liwiro atapeza wosinthana naye mwakufuna kwake, iwo avomereza.

Anayamba kufunsa mmodzimmodzi. Wina anati mmawa iye sadzuka. Wina anati sangasiyane ndi chibwenzi chake chomwe chinali m'gulu lomwelo. Wina anavomera, mawa lake n'kusintha maganizo. Liwiro ankangoseka n'kupita kwa wina, amvekere pa kabaza anazolowera kukanidwa ndi anthu ambiri asanapeze wokwera.

Amene anamuthandiza anali mtsikana wina wamtali wosewera mpira wamanja. Iyeyo ankadandaula tsiku lililonse kuti labu ya masana imamuphonyetsa masewera, koma sankadziwa kuti n'zotheka kusintha. Atamva pempho la Liwiro anathokoza ndiye, ngati kuti wothandizidwa ndi iye. Anapita limodzi kwa mayi mlangizi, ndipo nkhani inatha tsiku lomwelo.

Bambo woyang'anira labu nayenso anachita mbali yake. Anamulola kubwereza zoyeserera zimene anaphonya, nthawi imene labu inalibe anthu, ndipo anamupezera mpando wautali kuti asamaime nthawi yaitali. Anamuuza kuti kumutsekera kunja kuja kunkamupweteka mtima, koma lamulo la chitetezo silisankha nkhope.

Ndandanda yatsopano inali ndi mtengo wake. Masana sanalinso ake, choncho kugalaja ankangopita Loweruka. Katundu wa pakhomo anatsamira kwambiri pa makina a mkazi wake, ndipo panali miyezi ina imene ankadya mosinira. Mkaziyo sanadandaule. Ankangomuseka kuti akadzalandira digiri, dzina la mkaziyo nalo alilembepo pakona.

Koma panatulukanso phindu limene sanaliyembekezere. Mipata imene anasiya pakati pa makalasi inasanduka nthawi yake yowerenga. Ankafika pa kalasi ya Masamu anzake asanabwere, n'kukhala pakhomo akubwereza za dzulo. Ena atazindikira anayamba kumupeza pomwepo ndi mafunso awo, mpaka panabadwa kagulu kowerengera limodzi. Amene ankathamangira m'makalasi otsatizana ankafika kumapeto kwa sabata mitu itatupa, iye ali phee, ntchito zake atamaliza.

Mayeso atatuluka sanali woyamba m'kalasi, ndipo sindikunamizani kuti anali. Fizikisi anangodutsa pang'onong'ono. Koma Kemisitiri anakhoza bwino kwambiri, Masamu nawonso anayenda, ndipo analowa chaka chachiwiri wopanda phunziro lobwereza.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse asanasankhe kanthu ankayamba wafufuza kuti ndi phunziro liti limene limatsegulira ena njira, likuphunziridwira kuti, ndipo thupi lake lingakwanitse zingati. Phunziro la miyala lija analitenga chaka chachitatu, atagwirizana ndi mphunzitsi wake za maulendo amene angathe kuyenda. Anamaliza sukulu mochedwerapo kusiyana ndi anzake ena amene anayamba nawo, koma anamaliza.

Lero amagwira ntchito yoyeza madzi akumwa, kuona ngati ali abwino asanafike m'mipopi ya anthu. Mwana uja ali kusukulu, ndipo amauza anzake kuti bambo ake ndi dokotala wa madzi. Madzulo Liwiro akaweruka amakhala pakhonde ndi banja lake, wailesi ikulira chapansipansi, ndipo ukamuona umadziwa kuti munthuyu mtima wake uli m'malo.

Tsono inu amene mukuyamba sukulu ya ukachenjede, kapena chinthu china chilichonse chachikulu, musadziyese wolephera msanga. Nthawi zina chimene chalakwika ndi dongosolo chabe, ndipo dongosolo limakonzedwa. Dziwani mphamvu zanu ndi malire anu. Funsani amene anadutsamo, ndipo musachite manyazi kusenza zochepa kuti mukafike nazo. Amene akukupitirirani lero asiyeni apite, ulendo wanu ndi wanu. Ngakhale mutafika mochedwa, kufika n'kufika ndithu. Limbani mtima, konzaninso, ndipo musataye mtima.