Wothira Makungwa Alawe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chinthu chimene sindichita. Nkhondo ya azungu itangotha, a Mulipa, Mlomwe amene anali ndi sitolo ku Nkhulambe komanso ankagula nandolo, anawapeza bambo anga pakhonde ali pa makina awo osokera. Ankafuna mnyamata wachisilamu. Amene anamulemba poyamba anamupeza ali thapsa kuseri kwa matumba, akununkha katundu wa bwana. Bambo sanakondwe nazo, koma makinawo sankatidyetsa tonse. Anandikokera pambali nati, "Twaibu, manja agwire, pakamwa ayi."

Katunduyo anali ramu, mowa waukali wa nzimbe. Masiku amenewo boma silinkalola munthu wakuda kugula mowa wachizungu, ndiye unkachokera kwa Apwitikizi pa njinga, m'mabotolo akuluakulu olukidwa kunja ngati dengu, nandolo pamwamba. A Mulipa sankaugulitsa. Ankamwetsa anthu amene akufuna kupangana nawo malonda, ndipo kuukometsa anaphunzira ali khukhi kwa Apwitikizi komweko.

Anandionetsa kamodzi kokha. Makungwa a sinamoni umathyola ndi manja, osasinja, chifukwa ufa wake umadetsa mowa. Karafuu, timbewu tonunkhira tooneka ngati timisomali, umangotiphwanya pang'ono m'kamtondo. Jinja umadula mopyapyala, makoko a lalanje umapala choyera cham'kati chija kuti asawawe, kenaka tsabola wakuda pang'ono. Zonsezi umaponya m'botolo la ramu, kutseka ndi chitsononkho chokulunga nsalu, ndi kumakhutchumula m'mawa uliwonse. Mtundu ukafiira ngati tiyi wopanda mkaka, umasefa ndi nsalu yoyera, n'kuthira shuga wowotcha.

Chovuta chinali chakuti ndinkaphika chinthu chimene sindikuchidziwa kukoma kwake. A Mulipa ankathira pang'ono mu tambula, kununkhiza, kusunga m'kamwa maso ali chitsinzinire, kumeza, n'kudikira. Akati "Eyaa," ndiye kuti tsiku landiyendera. Koma nthawi zambiri ankati, "Karafuu wachuluka, sukumva?" Ndimve ndi chiyani? Ndinkapsa mtima, koma ndinkangoti, "Pepani bwana." Ndinaphunzira kudalira mphuno yanga ndi nkhope yawo basi.

Tsiku limene sindiliiwala linafika nandolo atauma. Mmwenye wina anali atayamba kutumiza ngolo kumidzi, ndipo a Mulipa anaopa kuti alimi awathawa. Anaitana akuluakulu atatu, wamkulu wawo a Mukhova, amene akanena kuti tigulitsa kwakuti, mbumba yonse inkatsatira. Bwana anandichenjeza kuti anthuwa akapita kwa Mmwenye, sitolo itsekedwa. Ramu wa tsikulo ndinamusamala ngati khanda, ndipo a Mulipa analawa m'mawa nati, "Eyaa."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo. Ndinathira, ndinagwada, n'kupereka tambula kwa a Mukhova ndi manja awiri. Sanalandire. Anangondiyang'ana.

"Mwana iwe, sunaleredwe? Wopereka otheka amayamba yekha."

Otheka ndi mowa m'Chilomwe, ndipo mwambowo ndinkaudziwa: wopereka amalawa kaye kuti onse aone kuti mulibe choipa. Kungoti mpaka tsikulo alendo onse ankawathirira ndi bwana.

"Pepani agogo, ine ndine Msilamu."

"Msilamu wophika mowa?" Anatembenukira anzawo. "Mdzukulu wanga anamuona uyu akuthira makungwa ndi mizu m'botolo. Lero akukana kumwa. Akudziwa chimene anaikamo."

A Mulipa analanda tambula ija n'kugugudiza yonse. Sizinathandize. "Inu imwani," anatero a Mukhova, "mankhwala okopa anthu sagwira mwini wake. Mukufuna tikugulitseni nandolo mitu itafewa? Wothira makungwa alawe."

Bwana anandiyandikira, mawu ali pansipansi. "Kadontho kokha, Twaibu. Bambo ako sakuona."

Misozi inalengeza, osati ya mantha koma ya ukali. Munthu yemweyu anayenda ulendo kudzafuna wosamwa! A Mukhova anali atagwira kale ndodo yawo. Ndinawapempha kuti adikire, ndinathamangira m'sitolo, n'kubwera ndi zokometsera zonse zija m'lichero. Ndinakhala pansi pamaso pawo n'kuyamba kutafuna. Sinamoni anali ngati nkhuni. Jinja anandiotcha kukhosi, karafuu anachititsa lilime dzanzi, tsabola anamaliza ntchito: mamina, misozi, chifuwa. Ndinameza zonse mpaka makoko a lalanje.

Mmodzi wa akuluakulu aja anayamba kuseka, mnzake n'kutsatira. A Mukhova anatola kakhungwa, kununkhiza, kuluma pang'ono, kenaka anatambasula dzanja. Bwana anawathirira. Anasunga m'kamwa nthawi yaitali, ndipo atameza anapukusa mutu.

"Iii, zinthuzi! Zikuyamba ngati nzimbe, zikudutsa ngati lalanje, kukafika pachifuwa moto wabwinobwino. Kachasu amakumenya mbama, koma uyu akukusisita." Anapempha kuti awathirirenso. Dzuwa lisanapendeke anali atalonjeza nandolo yense wa mbumba yawo. Ine ndinali kuseri, mutu uli m'ndowa ya madzi.

M'mawa mwake ndinafika ndi milomo yotupa, ndikuganiza kuti mwina ndimva zikomo. Ndinapeza mnyamata wina akutsuka mabotolo anga. A Mulipa sanandiyang'ane n'komwe.

"Dzulo zinayenda mwamwayi," anatero. "Sindingamatafunitse munthu makungwa mlendo aliyense akabwera. Ndikufuna wolawa."

Anandilemba chifukwa sindimwa, anandichotsa chifukwa sindimwa. Ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umawirabe ngakhale tsitsi layera. Bambo nditawafotokozera anangondisunthira mpando wa pa makina, ndipo ndakalambira pamenepo. Chimene ndinatolapo n'chakuti polowa ntchito usamangofunsa zimene manja azichita, funsanso zimene adzakupemphe tsiku limene zinthu zawathina. Ramu uja anthu anamutama mpaka ku Chiwalo, ena amandifunsabe kuti ankakoma bwanji. Ndimawauza kuti akafunse amene anamwa. Ine ndimadziwa kukoma kwa makungwa.