Khosi la Amayi

Ndikamadutsa kuseri kwa msika wa ku Tsangano masiku ano ndimaona anyamata akunyamula zitsulo, mutu atauponyera kumbuyo, mitsempha ya m'khosi itachita kutuluka. Mtima umandiuza kuti ndiwakalipire, koma ndani angamvere mayi wogulitsa nyemba? Akanakhalapo amayi anga, bwenzi atawauza zoona, iwo aja sankabisa mawu.

Amayi ankadziwa kusenza. Ankadendekera mtsuko kuchokera kudambo mpaka pakhomo akudya nzimbe, madzi osatayika ngakhale dontho. Nkhata ankapota okha ndi masamba ouma a nthochi, ndipo yanga ankayamba aiyeza pamutu panga ngati chipewa. Akanditwika katundu ankati, "Chibwano chisatsikire pachifuwa, iwe. Ukafuna kuona pansi, maso okha atsike, mutu ayi. Ukafuna kuona kumbali, tembenuka thupi lonse." Ndikaiwala ankandigogoda pamsana ndi chala. Zinkandikwiyitsa kwabasi, koma lero chala chimenecho ndimachisowa.

Nkhondo itafika kwathu ku Ntengo-Wambalame tinathawira kufupi ndi vila, katauni ka boma, awiriwiri, poti abambo anali atamwalira kale. Ine ndinali namwali wamkulu ndithu. Anthu achifundo anatibwereka kamunda, koma mbewu tinalibe. Mbewu yathu ya kachewere inatsala kumudzi, m'dzenje limene amayi anafotsera ndi udzu tisanathawe. Mitambo itayamba kusonkhana, amayi anati, "Tikapanda kukaitenga sabata ino, chaka chamawa tidya chiyani?"

Njira ya kumudzi inali itaipa. Munali mina, mabomba okwirira pansi aja, ndipo bambo wina anali ataduka mwendo momwemo. Anthu ankayenda moponda m'mapazi a ng'ombe, poti pamene ng'ombe yaponda n'kudutsa, munthu sungafe. Popita zinali zosavuta. Tinalibe katundu, tinkawerama mmene tingafunire. Dzenje tinalipeza lili bwinobwino, kachewere atatulutsa timaso toyera. Amayi anaseka, kuseka kwawo kwa kale kuja, n'kunena kuti, "Taona, nayenso akufuna munda." Tinadzaza masaku awiri, tinatwikana, ulendo wobwerera.

Apa ndiye panali nkhani. Katundu akufuna mutu uli chilili, njira ikufuna uyang'ane pansi. Amayi anali patsogolo, khosi lili njo, maso okha akusakasaka mapazi a ng'ombe. Ine pambuyo ndinkaponda pamene iwo aponda. Tinatsika phiri limodzi bwinobwino, tinawoloka kamtsinje. Tikukwera mtunda wina, ndinaona chinthu chikung'anima m'udzu, pafupi penipeni ndi phazi langa. Zonse zimene anandiphunzitsa zinauluka. Ndinagwetsa mutu kuti ndione bwino.

Mayo ine! Saku linatsetserekera kutsogolo, khosi linalira kuti khe, moto unayenda kuchokera m'khutu mpaka m'zala. Saku linagwa, ine ndinakhala pansi, pomwepo panjira ya mina. Amayi anatembenuka thupi lonse, katundu ali pamutu, n'kuyang'ana chinthu chija. Chinali chilata cha nsomba za sardinya chimene asilikali anataya.

"Chitsiru cha mwana," anatero. "Ukufuna kufera chilata?" Anatula, anandigwiragwira khosi, anandiuza kuti ndigwedeze zala. Zinagwedezeka. Kusenza kokha ndiye kunali kosatheka, ngakhale nkhata yokha inkandipweteka.

Ndinati, "Amayi, tisiye saku langali, tidzalitenga tsiku lina."

"Tsiku lina liti? Njira ino tidutsenso kawiri? Nanga saku limodzi lidzadza munda?"

Anamasula saku langa n'kukhuthulira kachewere mu lawo mpaka linakana kutsekeka. Wotsalayo anamumanga m'chitenje n'kumusanjika pamwamba. Ine anandipatsa kaphukusi kakang'ono kokolekera m'manja, kochititsa manyazi. Anaphatikiza nkhata ziwiri, yawo ndi yanga, anagwada, ndipo ndinawathandiza kukankhira katunduyo pamutu ndi dzanja limodzi. Podzuka ndinamva mano awo akukukutika. Anangoti, "Pronto, zatheka. Tsogola iwe, poti kuwerama ukukudziwa."

Ndinatsogola, ndikulira, ndikuwauza pamene pali mapazi a ng'ombe. Sanatule mpaka tinafika, dzuwa litapendeka.

Khosi langa linapola patatha masabata awiri. Ankandithowa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, akundinyoza za chilata chija, mpaka akazi oyandikana nafe anayamba kunditchula mayi wa sardinya. Mvula inabwera, tinabzala, ndipo kachewere wa chaka chimenecho anabereka moti tinagawirako ena mbewu. Tinkamuwotcha kumunda komweko, kudya ndi mchere, manja ali bii. Sindinadyenso kachewere wokoma chotero, ngakhale kunali nkhondo.

La amayi silinapole. Sanadandaule, ndipo ine ndinachedwa kuzindikira. Tsiku lina tikupalira ndinawaitana ndili kumbuyo kwawo. Pamutu analibe kanthu, koma anatembenuka thupi lonse, mapazi ndi mapewa pamodzi, ngati asenza mtsuko. Kuchipatala anawapatsa timapiritsi, osathandiza. Anakhala choncho mpaka imfa yawo, nkhondo itatha kalekale.

Kutchalitchi anthu ankawayamikira kuti mayi uyu ndi waulemu, ukamuitana sakuyang'ana cham'mbali, amakupatsa nkhope yonse. Amayi ankangomwetulira, osawatsutsa. Ine pambali pawo ndinkadziwa kuti saku limene anali asanatule lija linali langa.