Tisungane ndi Bokosi la Madandaulo

Lolemba lina akuluakulu a kampani ina yopanga masangweji ku Swords, pafupi ndi mzinda wa Dublin, analengeza mwaulemu wonse kuti apachika bokosi la madandaulo pakhomo la kantini. Analonjeza kuti wodandaula aliyense aziyankhidwa sabata isanathe, ndipo palibe amene adzavutike chifukwa cholankhula.

Antchito onse anawerenga chilengezocho n'kudutsa, kupatula Tisungane Kamwendo. Iyeyu anabwera ku Dublin pa sikolashipu, ndipo anatha zaka ziwiri akulemba za Theodore Roosevelt, pulezidenti wa ku America amene mu 1906 anasaina malamulo oti nyama iziyamba yaunikidwa isanagulitsidwe, komanso kuti zolembedwa papaketi zizinena zoona. Maphunziro atatha anapeza ntchito yomata madeti pa masangweji, ndipo ntchitoyo ndiyo inkamugoneka m'kachipinda kake ka lendi ku Rathmines, mu Dublin momwemo.

Tsiku lina anaona kapitawo akumatula deti yadzulo pamapaketi a nkhuku n'kumatapo yalero. Analemba dandaulo la masamba asanu ndi anayi, Roosevelt ali m'ndime iliyonse, mndandanda wa mabuku uli kumapeto.

"Achemwali, dzina lokha musalembepo," anamunong'oneza Blessed, mnzake wa pa shifiti. "Kuno si ku yunivesite."

"Pepala lopanda dzina salichonga, achimwene," anayankha Tisungane, n'kusaina mayina onse awiri, digiri pambali.

Akuluakulu anasungadi nthawi. Lachisanu anamupatsa kalata yomuthokoza chifukwa chokonda mbiri yakale. Pandandanda wa mashifiti a sabata yotsatira dzina la kapitawo linalipo, la Tisungane panalibe.